Wodwala akati "ndatopa, ndisiyeni ndipite"

Pa 20 Juni 2025 aphungu a Nyumba ya Malamulo ya kuno ku Britain anavomereza bilu yolola kuti munthu wodwala matenda osachiritsika, amene imfa yake yayandikira, athandizidwe kufa. Ovomereza anali 314, okana 291. Pa voti yoyamba, pa 29 Novembala 2024, zinali 330 kwa 275, ndiye mukuona nokha kuti ena anabwerera m'mbuyo atawerenga bwino zimene zalembedwamo. Komabe mu 2015 nyumba yomweyi inakana bilu yonga imeneyi ndi mavoti 330 kwa 118. M'zaka khumi zokha dziko latembenuka. Kenako nkhaniyi inapita ku House of Lords, nyumba yachiwiri ija, kumene bilu ikhoza kudutsa, kusinthidwa kapena kufera konko.

Uthenga utangofika pa gulu lathu la WhatsApp la Amalawi amene timapemphera limodzi, anthu anayamba kuthira ndemanga. "Azungu apenga." "Awa ndi masiku otsiriza." Bambo wina wamkulu, amene ndimawalemekeza kwambiri, analemba kuti tithokoze Mulungu poti kwathu kulibe zoterezi, ife timadwazika odwala athu mpaka Mwini wake atawaitana. Ma ameni anagwa ambirimbiri. Ine ndinangokhala chete, chifukwa si ulemu kutsutsa akuluakulu pagulu, komanso zimene ndinali nazo sizikanakwana pa foni. Ndiye ndazibweretsa pano.

Ndimagwira ntchito ya care, usiku, m'nyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Midlands. Si ine nesi. Ntchito yanga ndi kusambitsa, kutembenuza amene sangathe kudzitembenuza kuti asatuluke zilonda, kusintha matewera, kunyowetsa milomo ya amene asiya kumeza. Ndinenso mayi wa Mvano, wobadwira ndi kukulira mu CCAP ku Chiradzulu. Biluyi sindikugwirizana nayo. Koma kunena kuti azungu apenga ndi yankho laulesi, ndipo zoti kwathu timasamala odwala mpaka mapeto ndi zoona mwa theka chabe.

Tiyambe ndi zimene biluyi ikunena, poti ambiri pagulu paja ankaganiza kuti madokotala ayamba kubaya nkhalamba jekeseni wakupha. Anaibweretsa ndi Kim Leadbeater, phungu wa chipani cha Labour, mng'ono wake wa Jo Cox, phungu amene anaphedwa mu 2016. Ikukhudza England ndi Wales. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, wamutu wake wabwinobwino, ndipo madokotala awiri, aliyense payekha, atsimikize kuti sangapitirire miyezi isanu ndi umodzi ali moyo. Poyamba ankati woweruza wa khoti lalikulu azisainanso, koma anasintha n'kuikapo gulu la anthu atatu: katswiri wa malamulo, dokotala wa matenda a maganizo ndi wa zachisamaliro cha anthu. Mankhwalawo wodwala ayenera kumwa yekha, dokotala amangokonza n'kukhala pambali. Wokakamiza mnzake kupempha imfa akhoza kumangidwa. Ku Netherlands ndi ku Belgium, kumene malamulo awo anayamba mu 2002, ndiko dokotala amaloledwa kubaya yekha, ndipo zimenezo ndiye amazitcha euthanasia. Ku Canada nakonso pafupifupi onse amachita kubayidwa.

Lamulo limene lilipo pano ndi la 1961. Linachotsa mlandu pa munthu woyesa kudzipha, koma womuthandiza akhoza kukhala kundende zaka 14. N'chifukwa chake amene ali ndi ndalama amakwera ndege kupita ku Switzerland, ku bungwe la Dignitas limene linayamba mu 1998. Ulendowu umadya mapaundi oposa 10,000, ndipo munthu amayenera kupita akadali ndi mphamvu zokwera ndege, ndiye kuti amafa msanga kuposa mmene akanafunira. Achibale omuperekeza akabwerako amatha kuitanidwa kupolisi ali pakati pa kulira. Esther Rantzen, mayi wodziwika pa wailesi ya kanema kuno, wodwala khansa ya m'mapapo, atalengeza mu Disembala 2023 kuti walembetsa ku Dignitas, nkhaniyi inayaka moto ndipo andale sakanathanso kuizemba.

Amene amafuna lamuloli si anthu ouma mtima ayi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Diane Pretty ankadwala matenda ofooketsa minofu yonse pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kumeza ndi kupuma. Ankaopa kufa mobanika, ndipo anapempha makhoti kuti mwamuna wake asadzaimbidwe mlandu akamuthandiza. Anakanidwa kuno, anakanidwanso ku khoti la ku Ulaya ku Strasbourg mu 2002, n'kumwalira patangopita masabata ochepa. Tony Nicklinson anachita sitiroko mu 2005 n'kufa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika, ankalankhula ndi maso kudzera pa kompyuta. Khoti litamukana mu Ogasiti 2012 analira pamaso pa makamera, kenako anakana chakudya, ndipo sabata isanathe anali atapita. Munthu wotere sungamuuze kuti "limbani mtima m'bale" n'kutembenuka kupita kukadya nsima. Ine ndaonapo anthu akufa bwino, ali m'tulo, ndipo ndi ambiri. Ndaonaponso ochepa amene imfa yawo inali yowawa ngakhale manesi anayesetsa zonse. Wonena kuti mankhwala amathetsa ululu wina uliwonse sanakhalepo usiku wonse pambali pa bedi.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachiona pa nkhani ya Nicklinson. Biluyi ikanakhalapo nthawi yake, sikanamuthandiza. Sanali pafupi kufa, akanatha kukhala zaka zambiri, ndipo sakanatha kunyamula kapu n'kumwa yekha. Ndiye tsiku limene lamuloli lidzayambe kugwira ntchito, padzabwera wina wonga iye n'kufunsa kuti, "Nanga ine? Kuvutika kwanga n'kochepa chifukwa ndi kwa zaka makumi awiri osati miyezi isanu ndi umodzi?" Ndipo funso limenelo ndi lovuta kulikana ukavomera kale kuti imfa ndi thandizo limene boma lingapereke. Ku Canada zinayenda choncho. Khoti lalikulu linatsegula njira mu 2015, lamulo linabwera mu 2016 la anthu okhawo amene imfa yawo ikuoneka kuti ikubwera, ndipo mu 2021 chotchinga chimenecho chinachotsedwa. Mu 2023 anthu oposa 15,000 anafa mwa njira imeneyi, pafupifupi imfa imodzi mwa makumi awiri aliwonse m'dzikomo. Zoti odwala maganizo okha nawonso aziloledwa anazikankhira ku 2027. Belgium mu 2014 inachotsa malire a zaka, ana nawonso akhoza kupempha. Otsatira biluyi amayankha kuti taonani ku Oregon, ku America, kumene lamulo lakhala likugwira ntchito kuyambira 1997 ndipo malire a miyezi isanu ndi umodzi adakalipo. Zimenezo n'zoona ndithu, ndipo sindingazibise. Funso n'lakuti Britain idzafanana ndi uti mwa awiriwa, ndipo wolonjeza kuti akudziwa akungolota.

Kutchalitchi timathamangira pa lamulo lakuti usaphe, ndipo ine ndimalikhulupirira. Moyo tinachita kubwerekedwa. Timakondanso nkhani ya mfumu Sauli pa phiri la Giliboa, atalasidwa n'kupempha womunyamulira zida kuti amutsirize, iye n'kukana, ndi ya Mwamaleki uja amene anakadzitama kwa Davide kuti ndiye anamutsiriza, Davide n'kulamula kuti aphedwe. Koma tikamalalikira tizinena zonse: chimene chinamupsetsa mtima Davide chinali chakuti munthuyo anakhudza wodzozedwa wa Yehova, nkhaniyo sikunena za wodwala khansa. Imene imandigwira mtima ine ndi ya Eliya m'chipululu. Mneneri wamkulu chotere anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha Mulungu kuti amuchotse, wakwana nazo. Mulungu sanamudzudzule, sanamuphenso. Anamusiya agone, n'kumutumizira mkate ndi madzi, kawiri konse. Yobu naye anatemberera tsiku limene anabadwa, koma pamapeto odzudzulidwa anali anzake aja amene anabwera ndi maulaliki. Choncho wodwala akanena kuti akufuna kufa sikuti wasanduka wachikunja. Tisamathamangire kudzudzula ziwanda.

Atsogoleri a zipembedzo ambiri kuno anakana biluyi. Justin Welby, amene anali mkulu wa mpingo wa Anglican nthawi imeneyo, anati ndi yoopsa. Kadinala Vincent Nichols analembera Akatolika kalata yochenjeza kuti ufulu wa kufa ukhoza kusanduka udindo wa kufa. Asilamu, Ayuda achi Orthodox ndi ena analankhulanso chimodzimodzi, ndipo Shabana Mahmood, nduna ya zachilungamo panthawiyo, amene ndi Msilamu, anavota mokana. Koma George Carey, amene anakhalapo pa mpando womwewo wa Welby, anasintha maganizo mu 2014 n'kuyamba kuvomereza. Ndipo Desmond Tutu, amene palibe Mmalawi angamutche munthu wopanda Mulungu, analemba chaka chomwecho kuti akugwirizana nazo. Chinamuwawa ndi mmene Nelson Mandela anamusungira miyezi yomaliza asanamwalire mu Disembala 2013, andale n'kumajambulitsa naye zithunzi iye asakutha ngakhale kumwetulira. Mu 2016, atakwanitsa zaka 85, Tutu ananena kuti iyenso angafune kukhala ndi mwayi wosankha. Ine ndimati analakwitsa pamenepo, koma ndimalankhula ndi mantha, poti munthuyo anaika maliro ambiri kuposa amene ine ndidzaone.

Chimene Tutu ankadandaula, munthu kusungidwa ndi makina nthawi yake itakwana, chili ndi yankho lake kale, ndipo apa ndi pamene ife Amalawi timasokoneza kwambiri. Kupha ndi kwina, kuleka kulimbana ndi imfa imene yafika ndi kwinanso. Wodwala ali ndi ufulu wokana opaleshoni, wokana mankhwala a khansa ulendo wachitatu, wokana kuti mtima ukaima amupsinje pachifuwa mpaka nthiti kuthyoka. Kuno kuli fomu yake, ndipo ambiri mwa agogo amene ndimawasamala anasaina. Zimenezi si kudzipha. Ngakhale Akatolika, amene ndi olimba kwambiri pa nkhaniyi, amaphunzitsa choncho. Papa Pius XII ananena kale mu 1957 kuti si tchimo kupatsa wodwala mankhwala oletsa ululu ngakhale atakhala kuti angafupikitse moyo, bola cholinga chikhale kuletsa ululuwo. Papa John Paul II, amene anatsutsa euthanasia mwamphamvu mu 1995, masiku ake omaliza mu 2005 sanabwererenso kuchipatala, anafera m'chipinda chake ku Vatican. Ophunzira ena amati kusiyanitsa kumeneku ndi kudzinamiza, poti mapeto ake ndi maliro basi. Ine ndikuti abwere adzaone. Nesi akamaika syringe driver, kampope kaja kamene kamalowetsa mankhwala pang'onopang'ono pansi pa khungu, amayeza mlingo woti munthu apume bwino, ndipo akapuma bwino sawonjezera. Wodwalayo akadzuka m'mawa n'kupempha tiyi, tonse timasangalala. Pa njira inayo, munthu akadzuka ndiye kuti ntchito yalephereka.

Koma chimene chimandikanitsa kwambiri si vesi, ndi zimene ndimamva usiku. Cha m'ma 3 koloko, nyumba yonse ili zii, ndi pamene okalamba amalankhula za mumtima. Ambiri amene anandiuzapo kuti akufuna kufa sanali pa ululu. Agogo ena aakazi, amene anali aphunzitsi, nthawi iliyonse ndikawasintha ankapepesa. Pepani mwanawe, pepani, ndakuvutitsa. Tsiku lina anandiwerengera ndalama. Ku England munthu akakhala ndi chuma choposa mapaundi 23,250 amadzilipirira yekha malo osamalirako okalamba, ndipo malo ambiri amadula mapaundi oposa 1,000 pa sabata. Nyumba yawo inali itagulitsidwa. Anati mwezi uliwonse umene ndikukhala ndi moyo ndikudya ndalama zimene mdzukulu wanga akanayambira moyo. Ana awo ankawakonda, ankabwera Lamlungu lililonse ndi maluwa, palibe amene anawanenapo mawu oipa. Ndiye tandiuzani, madokotala awiri ndi gulu la akatswiri atatu akawafunsa kuti kodi pali amene akukukakamizani, adzayankha chiyani? Adzati ayi, ndipo sadzakhala akunama. Biluyi imagwira mwana wadyera amene akunong'oneza mayi ake kuti afe. Singagwire mayi wachikondi amene wadziwerengera yekha n'kupeza kuti ndi wodula.

Si ine ndekha ndaona zimenezi. Boma la Oregon limatulutsa lipoti chaka chilichonse la zifukwa zimene anthu amapereka. Pamwamba pamakhala kulephera kudzichitira zinthu, kulephera kuchita zimene zinkawasangalatsa, ndi kutha kwa ulemu. Anayi kapena asanu mwa khumi aliwonse amatchula kuopa kukhala mtolo kwa achibale. Ululu umabwera pansi pa zimenezi. Mawu akuti ulemuwo amandipweteka pang'ono, ndinene zoona, chifukwa chimene akutanthauza ndi ntchito yangayi: kusambitsidwa ndi munthu wina, kuvekedwa thewera. Ngati zimenezo zimachotsa ulemu wa munthu, ndiye anthu olumala amene akhala akuthandizidwa choncho moyo wawo wonse tiziti alibe ulemu? N'chifukwa chake anthu ngati Tanni Grey-Thompson, katswiri wa mipikisano ya pa njinga za olumala amene tsopano ali ku House of Lords, akulimbana ndi biluyi. Bungwe la madokotala a matenda a maganizo kuno nalonso linanena mu Meyi 2025 kuti silingaivomereze mmene ilili, mwa zina chifukwa munthu amene wangouzidwa kuti akufa nthawi zambiri amakhala ndi matenda a nkhawa amene angathe kuchizidwa.

Ndiye pali nkhani ya ndalama za boma. Dziko lino ndi limene linayambitsa ma hospice amakono, nyumba zosamalira anthu amene atsala pang'ono kumwalira. Cicely Saunders anatsegula St Christopher's ku London mu 1967. Koma mpaka lero boma limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la ndalama zoyendetsera ma hospice a akuluakulu. Zotsalazo amazipeza pogulitsa kaunjika m'mashopu a chifundo aja timagulamo majekete, ndi anthu othamanga mipikisano kupempha thandizo. Wes Streeting, nduna ya zaumoyo panthawiyo, anavota mokana ndipo chifukwa chimodzi chinali chomwechi, kuti chisamaliro cha odwala otere sichinafike poti munthu anganene kuti wasankha mwaufulu. Imfa idzakhala yaulere, yolipiridwa ndi boma, pamene bedi la ku hospice likudalira kuti malaya akale agulidwe.

Tsopano kwathu, kumene akuti timasamala odwala. N'zoona kuti sitisiya munthu yekha. Gadiyani amagona pansi pa bedi mwezi wathunthu, amaphika phala kuseri kwa chipatala, amachapa nsalu zamagazi ndi manja. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati amayendera odwala ndi ufa ndi nkhuni. Zaka zija Edzi inkatha anthu, ma ARV aulere asanabwere mu 2004, ndi agogo ndi amayi a m'midzi amene ananyamula dziko. Zimenezi azungu ambiri alibe ndipo amazisirira.

Koma azakhali anga anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene Malawi ali m'gulu la mayiko amene akuvutika nawo kwambiri padziko lonse. Kuchipatala china anawayeza n'kuuza gadiyani mawu aja tonse timawadziwa: pitani nawo kunyumba, muziwapatsa chilichonse chimene akufuna. Iwo eni sanauzidwe kanthu, tinkawanamiza kuti mankhwala ayamba kugwira ntchito. Anapita ndi panado ndi bulufeni. Miyezi yotsatirayo ankabuula usiku wonse mpaka oyandikana nawo nyumba kusowa tulo, fungo linali loti ana anasiya kulowa m'chipindamo, ndipo anthu obwera kudzazonda ankaima pakhomo, kupemphera mofulumira, n'kumapita. Ankatipempha kuti tiwagulire tameki. Ife tinkayankha kuti musatero azakhali, Mulungu alipo. Ndalama zinapita kwa asing'anga ndi kwa mneneri wina amene anati kuli mdani kuchimuna. Atamwalira, pamaliro panalalikidwa kuti anapirira ngati Yobu. Sitinawaphe, n'zoona. Koma sindikuona chimene tingadzitamire pamenepo.

Ululu umenewo unali ndi mankhwala ake, ndipo ndi otchipa. Morphine wamadzi, wa m'botolo, womwa maola anayi aliwonse. Dokotala wina wochokera kuno, Anne Merriman, anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 n'kusonyeza kuti ufa wa morphine ukhoza kusungunulidwa m'madzi komweko ku Africa n'kufika kumudzi pa mtengo wochepa. Ku Malawi kuli anthu amene agwira ntchitoyi kwa zaka zambiri: a Tiyanjane ndi a Umodzi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, a Ndi Moyo ku Salima, bungwe la PACAM limene limaphunzitsa manesi ndi madokotala, ndi zipinda za palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu wa odwala matenda osachiritsika, m'zipatala za m'maboma. Koma ambiri sadziwa kuti ziliko, ena ali kutali, ndipo ena timachita kukana tokha. Ndamvapo kangapo m'bale akunena kuti musalole amubaye morphine, ndi mankhwala otsirizira munthu. Si zoona. Akaperekedwa pa mlingo woyenera amachotsa ululu, munthu amagona, amadya, amatha kulankhula ndi ana ake n'kugawa mawu. Vuto lake lalikulu ndi kudzimbidwa, ndipo nalo lili ndi mankhwala. Anthu amaona kuti wodwala wapatsidwa morphine n'kumwalira patapita masiku awiri, osadziwa kuti anachita kumupatsa mochedwa, matenda atamutha kale. Akatswiri amene anafufuza nkhaniyi m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017 anapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira zosakwana gawo limodzi mwa 100 la mankhwala a mtundu umenewu.

Ndipo tisanaloze chala azungu kuti atopa ndi nkhalamba zawo, tikumbuke Neno. Mu Januwale 2016 okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo, powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Nkhani zotere sizinathe. Gogo akakhalitsa timayamba kunong'ona kuti akudya ana, bwanji iye sakufa pamene achinyamata akupita. Tikumbukenso achibale amene amayamba kuwerenga malata ndi mbuzi mwini wake akadapuma, mpaka boma linachita kukhazikitsa lamulo la chuma chamasiye mu 2011. Kwathu kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu waukulu, ndipo ndikupemphera kuti zikhale choncho, chifukwa lamulo longa la ku Britain litafika m'dziko limene chipatala chimatha mankhwala ndipo banja limagulitsa munda kuti lidwazike munthu mmodzi, osauka ndi amene angayambe "kusankha". Ku South Africa nkhaniyi inafika kale kukhoti. Mu Epulo 2015 woweruza wina ku Pretoria analola loya wodwala khansa, Robin Stransham-Ford, kuti athandizidwe kufa, koma iye anali atamwalira maola angapo chigamulo chisanaperekedwe, ndipo khoti la apilo linachifafaniza mu 2016. Si nkhani ya kutsidya kwa nyanja kokha.

Mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene timagwira limodzi anandifunsa kuti nanga lamuloli likadutsa tidzatani, poti ambiri ogwira ntchito ya care usiku ndife obwera, Aafirika, Afilipino, Amwenye, ndipo ambiri ndife opemphera. Biluyi ikuti palibe munthu adzakakamizidwe kutengapo mbali. Koma ganizo loti care home kapena hospice yonse ikhale ndi ufulu wokana kuti zisachitikire pamalo pake aphungu analikana. Ndiye zikhoza kudzachitika m'chipinda chimene ine ndimakolopa. Biluyi ikuti ikadutsa boma lipatsidwe mpaka zaka zinayi kuti likonzekere. Ine mankhwalawo sindidzawagwira, ndipo wondifunsa maganizo anga ndidzamuuza mwaulemu. Koma sindidzakana kumusambitsa munthuyo kapena kumupangira tiyi, ndipo sindidzamuuza kuti akupita kumoto, chifukwa mpando woweruzirawo si wanga. Chimene ndikuopa ndi china: kuti agogo a chipinda choyandikana nacho, amene sanaganizepo zimenezi, adzaona kuti mnzawo wapita mwaudongo, pa tsiku loikika, osavutitsa aliyense, n'kuyamba kudzifunsa ngati iwo akuchita dyera pokhalabe ndi moyo.

Pagulu lathu lija tili ndi thumba la maliro. Mmalawi akamwalira kuno timasonkha mapaundi masauzande angapo kuti thupi likwere ndege kukaikidwa kumudzi, ndipo ndalamazo zimapezeka sabata isanathe. Kumudzi nako n'chimodzimodzi: munthu amene anasowa ya thiransipoti yopitira kuchipatala amagona m'bokosi lonyezimira, anthu n'kudya nyama. Pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa ndikukapempha kuti pa ndalama iliyonse imene timasonkha tizipatulako kagawo kopita kwa amene akusamalira odwala otere ku Malawi, ndiponso kuti m'bale wa aliyense wa ife akauzidwa kuti pitani naye kunyumba, thumbali lizilipira galimoto yopita naye ku palliative care asanapite kunyumbako. Msungichuma wathu ndamuuza kale, akuti ndikabwere ndi ziwerengero zolembedwa komanso dzina la munthu wodalirika amene angamalandire ndalamazo kumudzi. Amene muli ku Blantyre kapena ku Salima ndipo mukudziwa mmene malo amenewa amalandirira thandizo, ndilembereni.